Khanda Nalo Likuphunzira



Tikamaitana maina madzulo, timaitana akuluakulu okha. Koma pamphasa pano pali ophunzira ena amene maina awo mulibe m'kaundula. Ena ali kumsana. Ena ali pabere. Wina ali ndi milungu itatu, wina miyezi inayi. Amabwera tsiku lililonse, sajomba. Ife a brigada tinkawaona ngati katundu wa amayi awo. Akalira tinkadikira kuti atonthole, kenaka tinkapitiriza phunziro.

Tsiku lina tinkaphunzira chilembo cha M. Tonse tinkanena mokweza: ma, me, mi, mo, mu. Mayi wina anali ndi mwana pamiyendo. Mwanayo anasiya kuyamwa. Anayang'ana pakamwa pa amake. Nayenso anayamba kugwedeza timilomo take, natulutsa timawu. Tonse tinaseka. Mmodzi wa ife anati: "Onani, uyunso walowa sukulu."

Agogo ena anakana. Anati: "Aphunzitsi, musatinamize. Khanda siliona, silimva. Limangoyamwa ndi kugona. Nzeru zimabwera mwana akayamba kuyenda." Bambo wina anawonjezera: "Munthu wamkulu kumalankhula ndi khanda? Anthu angati wazungulira mutu."

Mawu amenewa sitinawataye. Tinapita nawo kwa anamwino kuchipatala. Tinawerenga. Tinayang'anitsitsa makanda a m'mudzi muno. Zimene tinapeza tazilemba apa, kuti muziwerenge nokha, ndi maso anu.

Kodi khanda limaona? Kodi limamva?

Limaona. Koma siliona patali. Mwana wobadwa kumene amaona bwino chinthu chimene chili pa masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pamaso pake. Tengani kope lanu. Kutalika kwake ndi pafupifupi pamenepo. Tsopano ganizani za mwana amene akuyamwa. Kuchokera pamaso pake kufika pankhope ya amake, mtunda wake ndi womwewo. Chinthu choyamba chimene munthu amaphunzira kuwerenga ndi nkhope ya amake.

Zakutali mwana amaziona mwachimbuuzi, monga timaonera phiri la Dómuè m'mawa wa nkhungu. Mitundu yofanana saisiyanitsa bwino. Chimene chimakopa maso ake ndi chakuda pa choyera: maso a munthu, mano pomwetulira, mizere ikuluikulu ya pa kapulana. Choncho agogo aja sananame kwenikweni. Iwo ankaimirira pakhomo, nkuona kuti mwana sakuwayang'ana. Anali patali, basi.

Kumva kumayamba mwana asanabadwe. M'miyezi itatu yomaliza ya pakati, mwana amamva mawu a amake ndi kugunda kwa mtima wawo. Mu 1980, ofufuza awiri a ku America, DeCasper ndi Fifer, anayesa makanda osapitirira masiku atatu. Anawapatsa kalabala koyamwa kopanda mkaka. Mwana akayamwa mwa njira ina, ankamva mawu a amake. Akayamwa mwa njira inanso, ankamva mawu a mayi wachilendo. Makanda ambiri anasankha kayamwidwe kobweretsa mawu a amawo. Mwana wa masiku atatu amawadziwa kale mawu a amake.

Nanga m'mutu mwake mukuchitika chiyani? Ubongo wa mwana wobadwa kumene ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ubongo wa munthu wamkulu. Pomakwana chaka, umakhala utakula kuwirikiza kawiri. Palibe chaka china m'moyo wa munthu chimene ubongo umakula msanga chotere. M'kati mwake muli timitsempha tambirimbiri. Mwana akaona, akamva, akagwidwa, timitsemphato timalumikizana. Zili ngati njira za m'mudzi. Njira imene anthu amapitamo tsiku ndi tsiku imakula, imayera. Njira yosapita anthu imamera udzu nkuiwalika. Ife tomwe tikudziwa zimenezi. Chilembo chimene talemba kakhumi chimakhala m'dzanja. Chimene tinangochiona kamodzi chimathawa.

Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Mu 1978 inayamba kampeni yoyamba yolimbana ndi umbuli m'dziko lonse. Ambiri a ife tafika pa zilembo mochedwa, ena tsitsi litachita imvi. Si mlandu wathu. Koma ana awa sayenera kuchedwa ngati ife. Makolo anati m'mera mpoyamba. Poyamba pake si tsiku lolembetsa sukulu. Ndi tsiku lobadwa.

Sewero lalikulu: kuyankhana

Tikati kusewera, ena akuganiza zidole za m'sitolo za ku Ulónguè. Ayi. Khanda silifuna chidole chogula. Likufuna nkhope, mawu ndi manja. Zonsezi muli nazo.

Dikirani nthawi imene mwana wakhuta, mwamusintha thewera, ali maso ndipo sakulira. Mugonekeni pamiyendo panu, mutu wake uli m'manja mwanu. Muyang'aneni m'maso. Muitaneni dzina lake. Ngati akadali m'chikuta ndipo sanapatsidwe dzina, muitaneni mmene mtima wanu ukufunira. Kenaka khalani chete.

Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Timalankhula, timalankhula, osampatsa mpata. Khanda limachedwa kuyankha. Werengani chamumtima mpaka 5. Mwina atsegula pakamwa. Mwina akweza nsidze. Mwina aponya kamwendo. Limenelo ndi yankho lake. Inu lilandireni. Akatsegula pakamwa, nanunso tsegulani. Akati "aa", nanunso muti "aa", kenaka dikiraninso. Iye anene, inu munene, iye anenenso. Mukatero mwacheza, ngakhale panalibe liwu ndi limodzi lomwe la Chinyanja.

Kodi mwana amasamala kuti tamuyankha kapena ayi? Amasamala kwambiri. M'zaka za m'ma 1970, Edward Tronick ndi anzake ku Boston anapempha amayi kuti asewere ndi makanda awo, kenaka aumitse nkhope mwadzidzidzi kwa mphindi zochepa, osamwetulira, osayankha. Makanda anayesa kuitana amawo. Anamwetulira. Anatambasula manja. Anachita phokoso. Ataona kuti yankho palibe, anayang'ana kumbali, ndipo ena analira. Mwana amene amaitana nkuyankhidwa amaphunzira kuti mawu ake amagwira ntchito. Ndiye amaitananso, amayesanso mawu ena. Kulankhula kumayambira pamenepo.

Tikudziwa zimene amayi akunena mumtima. "Aphunzitsi, nthawi yake tiipeza kuti? Kumunda kuli ntchito. Madzi ali kutali. Nkhuni palibe." Zoona. Nchifukwa chake sitikuti mupatule tsiku la masewera. Lowetsani sewero mu ntchito imene mukuigwira kale. Posambitsa mwana, tchulani ziwalo zake: "Ili ndi dzanja. Uwu ndi mwendo. Iyi ndi mimba." Popita kudimba, muuzeni zimene mukuona: "Ng'ombe izo. Mvula ikubwera." Posinja, imbani nyimbo zimene amayi anu ankakuimbirani. Poyamwitsa, maso anu akhale pa mwana, osati pa foni. Mwana sakumvetsa tanthauzo, koma akutola kamvekedwe ka chinenero chathu, monga inu munayamba mwatola ma, me, mi musanathe kuwerenga chiganizo.

Pali timasewera tina ta milungu yoyamba. Ikani nkhope yanu pafupi ndi yake, nkuisuntha pang'onopang'ono kumanja, kenaka kumanzere. Poyamba maso ake amakutayani panjira. Pakapita milungu amakulondolani mpaka kumapeto. Ikani chala chanu chosamba bwino m'chikhatho chake, adzachigwira zolimba. Mukatha kumusambitsa, musisiteni mofatsa miyendo, manja ndi msana, manja anu ali ofunda. Tengani kachikho kouma, ikanimo timiyala, tsekani zolimba ndithu, ndipo kaseketseni chapansipansi mbali iyi, kenaka mbali iyo. Onani ngati wasiya kugwedezeka kuti amvetsere.

Ndipo inu amene mwayamba kugwira pensulo, jambulani. Tengani pepala loyera ndi khala. Jambulani nkhope yaikulu: chilembo cha O, maso awiri, pakamwa. Muonetseni pafupi. Ndi buku lake loyamba, ndipo mwalemba ndinu.

Koma dziwani polekera. Khanda limatopa msanga. Likatembenuzira nkhope kumbali, likayasamula, likapinda msana kapena kuyamba kudandaula, likunena kuti "zakwana". Musalikakamize. Mphindi ziwiri kapena zitatu ndi zokwanira, bola zibwerezedwe kangapo pa tsiku. M'miyezi itatu yoyamba mwana amagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, usana ndi usiku pamodzi. Tulo nato tikumanga ubongo. Musamudzutse kuti musewere naye, ngakhale kwabwera alendo.

Khosi, msana ndi miyendo

Mutu wa khanda ndi wolemera, khosi lake ndi lofooka. Pomunyamula, dzanja limodzi lizichirikiza mutu. Khosi limalimba ndi ntchito, monga mkono umalimbira ndi khasu. Ntchito ya khosi ndi iyi: kumugoneka mwana chafufumimba ali maso, inu mukumuyang'anira.

Yambirani pachifuwa panu. Tsamirani khoma kapena gonani chagada, mwana ali chafufumimba pachifuwa panu, nkhope yake itayang'ana yanu. Muitaneni. Adzayesa kudzutsa mutu kuti akuoneni. Poyamba mutu udzadzuka pang'ono nkugwanso. Mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana. Pakapita milungu, yalani nsalu yoyera pamphasa, mumugoneke pamenepo, ndipo inu mugone kutsogolo kwake kuti maso akumane. Ana ambiri amadandaula poyamba. Chepetsani nthawi, koma musasiye. Mu 2019, bungwe loona za umoyo padziko lonse, la OMS, linalangiza kuti mwana amene sanayambe kukwawa azikhala chafufumimba mphindi zosachepera 30 pa tsiku. Si nthawi imodzi ayi. Ndi pang'ono m'mawa, pang'ono masana, pang'ono madzulo, ndipo mwana wa milungu yochepa amafikapo pang'onopang'ono.

Tamverani bwino apa, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Chafufumimba ndi cha mwana amene ali maso. Pogona tulo, mwana agone chagada, pamalo olimba, popanda pilo, nkhope yosafunditsidwa, m'kati mwa neti yoteteza ku udzudzu. Akagona tulo ali chafufumimba, mutembenuzeni.

Titafika pa nkhani ya miyendo, agogo aja ndi amene anatiphunzitsa. Anati: "Ife timamuimiritsa mwana pamiyendo, titamugwira m'khwapa, nkumamudumphitsa tikuimba. Khosi likalimba timamukhazika pansi, titamuchirikiza ndi nsalu mbali zonse." Tinawauza kuti zimenezi zinalembedwa m'mabuku. Mu 1976, Charles Super anafalitsa zimene anaona pakati pa anthu a mtundu wa Kipsigis ku Kenya. Kumeneko amayi ankaphunzitsa makanda kukhala ndi kuyenda mwa njira zofanana ndi zathuzi. Ana awo ankakhala ndi kuyenda pafupifupi mwezi umodzi msanga kuposa ana a ku America. Koma pa zimene sankaphunzitsidwa, monga kukwawa, sankatsogola. Phunziro lake ndi loonekeratu: mwana amakula pa chimene akuyeserera. Choncho masewera a agogo tiwasunge. Tingowonjezerapo chimene sitinazolowere, chomwe ndi kumugoneka chafufumimba. Chenjezo ndi limodzi: musamukhazike mwana khosi lisanalimbe, ndipo pomudumphitsa thupi lake lilemere m'manja mwanu, osati pa timiyendo take.

Kubereka kumsana nakonso ndi chuma chathu. Mwana amafunda, amamva mawu a amake, amaona anthu ndi ntchito zawo. Koma mwana womangidwa maola ambiri sapeza mpata woponya miyendo, wotambasula manja, woyesa kutembenuka. Malangizo a OMS aja amati mwana asamangike kupitirira ola limodzi nthawi imodzi. Ife tikudziwa kuti mayi amene ali pamzere kumunda sawerenga maola. Tingonena chotere: nthawi iliyonse mukapuma, masulani. Yalani kapulana pamthunzi, mumugoneke, aponye miyendo mmene akufunira.

Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wosafika makilogalamu 2 ndi theka, sewero loyamba ndi kufunda. Muikeni pachifuwa, khungu lake likhudzane ndi lanu, atavala thewera ndi chipewa, ndipo mumangeni ndi nsalu. Njira imeneyi inayamba mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, ndipo imatchedwa ya kangaru. Kuno ku Angónia, kumene kuzizira kwa June ndi July kumalowa mpaka m'mafupa, njira imeneyi imapulumutsa moyo. Anamwino adzakuonetsani kamangidwe kake. Chifuwa cha bambo nachonso chimafunditsa.

Mawu kwa abambo

Tsopano tibwerere kwa bambo uja wa "wazungulira mutu". Tinamufunsa: "Bambo, ng'ombe zanu mumalankhula nazo pokoka ngolo?" Anati: "Inde, zimadziwa mawu anga." Tinati: "Nanga mwana wanu asadziwe mawu anu chifukwa chiyani?" Anthu anaseka, iyenso anaseka. Sitikudzitama kuti tinamugonjetsa tsiku lomwelo. Koma patapita milungu, mkazi wake anatinong'oneza kuti madzulo, chitseko chikatsekedwa, bamboyo amamuimbira mwana.

Abambo, tsegulani chitseko. Palibe chamanyazi. M'mabanja ena muli miyambo ya masiku oyamba, ndipo bambo amadikira asanamunyamule mwana. Zimenezo kambiranani ndi akuluakulu a kwanu. Koma palibe mwambo woletsa mwana kumva mawu a bambo ake. Ndipo nthawi yodikira ikatha, nyamulani. Mugonekeni pachifuwa. Muuzeni za kumunda, za mtengo wa feteleza, chilichonse. Iye sadzakutsutsani.

Tinene mosabisa. Mayi amalima, amatunga madzi, amatola nkhuni, amaphika, amachapa, amayamwitsa usiku wonse. Tikamuuzanso kuti "sewera ndi mwana", ife titakhala pa bawo, ndiye kuti tikumudyera masuku pamutu. Bambo amene watenga ndowa nkupita kumjigo wapatsa mkazi wake theka la ola loti akhale ndi mwana. Bambo amene watenga mwana wapatsa mkazi wake theka la ola loti agone. Zonse ziwiri ndi kulera.

Ana okulirapo nawo asewere ndi mng'ono wawo. Makanda amakonda nkhope za ana anzawo. Aphunzitseni kusamba m'manja ndi kuchirikiza mutu, ndipo wamkulu akhale pafupi. Koma mtsikana asasiyitsidwe sukulu kuti akhale mlezi. Sitingaphunzitse khanda pomulanda mkulu wake maphunziro.

Chakudya ndi sewero zimayendera pamodzi

Wina angati: "Mwana akufuna chakudya, osati nyimbo." Akufuna zonse ziwiri. Kwa miyezi 6 yoyamba, chakudya chake ndi bere lokha, popanda madzi, popanda phala, popanda mankhwala azitsamba. Mkaka woyamba wachikasu uja musaufinyire pansi. Ndi umene umamuteteza ku matenda. Mayi woyamwitsa adye mokwanira, ndipo ndiwo zabwino zisathere m'mbale ya abambo.

M'dziko lathu kupinimbira kwa ana ndi mdani wamkulu. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2011 anapeza kuti ana 43 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Wa 2022 mpaka 2023 anapeza 37. Kupinimbira sikugwira msinkhu wokha. Kumagwiranso nzeru.

Tamvani zimene zinachitika ku Kingston, m'dziko la Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anasankha ana 129 opinimbira, a miyezi 9 mpaka 24, ochokera m'mabanja osauka. Ena mwa anawa ankayenderedwa kunyumba mlungu uliwonse kwa zaka ziwiri. Wa zaumoyo wa m'dera ankabwera ndi zoseweretsa zopangidwa pamanja, nkuonetsa mayi mmene angasewerere ndi kulankhula ndi mwana. Patapita zaka 20, ofufuza anawafunafuna ana aja, atakula. Amene ankaseweredwa nawo ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 pa 100 kuposa anzawo amene sanayenderedwe motero. Anawo anali okulirapo kuposa makanda amene tikukamba pano, ndipo anali atayamba kale kutsalira. Ngati sewero linathandiza amene anali atatsalira, nanga ife tidikirirenji?

Kodi tiyembekeze chiyani, ndipo liti?

Pa milungu 6 mpaka 8, ana ambiri amayamba kumwetulira munthu akawamwetulira. Tsiku limenelo mayi amaiwala tulo tonse timene anataya. Pa miyezi iwiri mwana amatulutsa timawu ta "uu" ndi "aa", ndipo amadzutsa mutu akakhala chafufumimba. Cha pa miyezi inayi khosi limalimba, amadzichirikiza ndi zigongono, amabweretsa manja kukamwa, amayamba kuseka. Apa mupatseni chogwira: chipande choyera, kampira ka nsalu kosokedwa bwino. Pakati pa miyezi inayi ndi isanu ndi umodzi amatambasula dzanja kuti atenge chinthu, ndipo amayamba kudzitembenuza. Kuyambira pamenepo musamusiye yekha pabedi kapena pafupi ndi moto. Pambuyo pake pamabwera sewero lobisa nkhope ndi nsalu nkuiululanso, ndi timawu ta "ba-ba" ndi "ma-ma".

Koma ana si chimanga cha mzere umodzi. OMS inatsatira ana 816 ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America, ndipo inafalitsa zotsatira mu 2006. Ana athanzi ankakhala okha pansi ena asanakwane miyezi inayi, ena atakwana miyezi 9. Ankayenda okha ena pa miyezi 8, ena atapitirira miyezi 17. Ena ochepa sanakwawe nkomwe ndi manja ndi maondo, anangodzuka nkuyenda. Onsewa anali abwinobwino. Choncho lekani kupikisana pamjigo kuti "wanga wayamba kale, wako bwanji". Mawu otere amadwalitsa mtima wa mayi. Ndipo ngati mwana anabadwa mwezi umodzi kapena iwiri masiku asanakwane, chotsani miyezi imeneyo powerenga.

Zoletsedwa ndi zochepa, koma zisungeni. Musamugwedeze khanda mwamphamvu, kaya posewera kaya mutakwiya ndi kulira kwake. Musamuponye m'mwamba. Ubongo wake ndi wanthete, ungavulale, ndipo mwana angalumale kapena kufa. Kulira kukakukwanani, mugonekeni chagada pamalo abwino, tulukani panja pang'ono, itanani mnzanu. Mtedza, nyemba, njere za chimanga, mikanda ndi ndalama zachitsulo zikhale kutali, chifukwa zimatsamwitsa. Utsi wa m'khitchini ndi wa fodya umawononga chifuwa chake. Foni ndi kanema si za mwana wosakwana chaka. Foni imalankhula, koma siyankha.

Sewero ndi diso la mlonda

Pali phindu lina la sewero limene sitinalitchule. Munthu amene amasewera ndi mwana tsiku ndi tsiku ndi amene amayamba kuona kuti china chasintha.

Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati khanda lakana kuyamwa, latentha thupi kapena lazizira, likupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa m'kati, lakomoka kapena kuuma thupi, lafooka moti silikugwedezeka, zikhatho ndi mapazi zachita chikasu, kapena mchombo wafiira ndipo ukutuluka mafinya. Zimenezi sizidikira kuti kuche, ndipo sizidikira malume.

Zina si zothamangira usiku, koma musazisunge mumtima. Mwana sadzidzimuka chitini chikagwa pafupi naye. Wakwana miyezi itatu koma salondola nkhope yanu ndi maso, kapena samwetulira. Wakwana miyezi inayi koma mutu ukungogwa. Thupi lake ndi lolobodoka kwambiri kapena louma kwambiri. Akugwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha. Pakati pa diso pakuoneka choyera. Kapena ankachita chinthu, tsopano wasiya. Kauzeni anamwino. Musadikire tsiku la sikelo ngati lili kutali. Mwana wotere sanalodzedwe, ndipo amake sanalakwe. Mavuto ambiri a maso, makutu ndi ziwalo amathandizika bwino akaoneka msanga. Ndipo mwana wolumala amafuna sewero kuposa wina aliyense. Asabisidwe m'nyumba.

Yang'aniraninso mayi. Pali amayi amene akabereka mtima umawalemera. Amalira okha. Sagona ngakhale mwana atagona. Safuna kudya, ndipo mwana akawayang'ana alibe mphamvu zomuyankha. Si ulesi, si nkhanza. Ndi matenda, ndipo amachizika. Zikapitirira milungu iwiri, mperekezeni kuchipatala. Pakadali pano wina amunyamule mwana, amuyankhe, amuimbire. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Khadi la umoyo la mwana lija, limene ambiri munkalisunga m'chikwama osadziwa zimene likunena, tsopano mukutha kuliwerenga. Muli tsiku lobadwa. Muli katemera wa pobadwa, wa miyezi 2, 3 ndi 4, ndi wa miyezi 9. Muli mzere wa sikelo. Pa tsamba lomaliza la kope lanu yambani kaundula wanu. Lembani tsiku, mwezi ndi chaka. Pambali pake lembani chiganizo chimodzi: "Lero mwana wanga wamwetulira." Tsiku lina: "Lero wadzutsa mutu." Popita ku sikelo, tengani kope pamodzi ndi khadi, muwaonetse anamwino.

Amene mulibe khanda pakhomo, sankhani la mnansi wanu, mupemphe kwa amake.

Mawa aliyense abwere ndi khala ndi pepala limodzi loyera. Tidzajambula nkhope, ndipo tidzalemba mawu atatu: maso, mawu, manja. Amayi amene muli ndi makanda mudzakhale kutsogolo, ndipo mudzawamasule kumsana. Agogo aja avomera kutionetsa mmene amamuimbira mwana pomudumphitsa. Abambo adzayamba ndiwo kuyesa.